Akatswiri okhaokha koma chimbale chosakhutitsa: kodi vuto ndi makutu anga?

"Achikulire, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimaimba gitala m'bandi ina kuno ku Blantyre. Malume anga atatisiya anandisiyira katoni ya zimbale zakale, zakudazakuda zija zoimbira pa singano. Pofukula ndinapezamo cha gulu lotchedwa Blind Faith cha 1969. Nditaona mayina a Eric Clapton, Steve Winwood ndi Ginger Baker ndinati apa ndiye ndatola chikwama. Koma ndachimvera katatu konse ndipo ndikutsala ndi njala. Muli nyimbo 6 zokha, yomalizayo kutalika ngati maliro a mfumu. Kodi vuto ndi makutu anga? Funso lachiwiri ndi ili: ine ndi anzanga atatu, aliyense wochokera m'bandi yake yodziwika ndithu m'tauni muno, tikufuna tipange gulu limodzi. Pali bwana wina akuti atilipirira situdiyo bola chimbale chituluke Khirisimasi isanafike. Tivomere?"

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya malume. Chachiwiri, mtima m'malo, makutu anu ali bwinobwino. Njala mukunenayo anthu anayamba kuimva chimbalecho chitangotuluka kumene, ndipo ngakhale eni ake sanabise kuti ntchitoyo inaphulidwa pamoto isanapse. Ine ndakhala kuseri kwa mikisa zaka zoposa makumi awiri, ndipo chimbale chimenechi ndi chimodzi mwa zimene ndimawamvetsera achinyamata akabwera ndi maganizo onga anuwa. Mafunso anu awiriwa ndi funso limodzi, mungoona.

Gulu la mtundu umenewu Azungu amalitcha supergroup, kutanthauza gulu lopangidwa ndi anthu amene anatchuka kale kwina. Clapton ndi Baker anachokera ku gulu la Cream, limene linatsanzika anthu ku Royal Albert Hall mu London mu Novembala 1968. Winwood anali atadziwika ali mwana ku Spencer Davis Group kenako ku Traffic, ndipo pa nthawi ya chimbalechi anali ndi zaka 21 zokha. Wachinayi, amene inu simunamutchule ndipo ambiri amamuiwala, ndi Ric Grech woimba besi ndi vayolini, yemwe anathawa gulu la Family lili mkati mwa ulendo wa ku America.

Tsono mvetsani mmene zinayambira, chifukwa gwero la njala yanu lili pamenepa. Clapton anatuluka mu Cream atatopa. Anatopa ndi mikangano ya Baker ndi Jack Bruce, woimba besi wa Cream, anthu amene ankadana kuyambira kale ali m'gulu la Graham Bond. Anatopanso ndi kuimba mokweza usiku uliwonse, aliyense akuonetsa ukatswiri wake mphindi khumi khumi. Anali atamva chimbale choyamba cha gulu la The Band cha 1968 ndipo mtima wake unali pa nyimbo zofatsa, zomangidwa bwino, zoimba anthu omverana. Ndiye kumayambiriro kwa 1969 anayamba kuseweretsa zida ndi mnzake Winwood kunyumba, popanda dzina, popanda tsiku, kungoona ngati pangatuluke kanthu. Tsiku lina Baker anangotulukira pakhomo. Winwood anakondwa, poti woimba ng'oma wotere sapezekapezeka. Clapton sanakondwe, chifukwa anaoneratu kuti anthu akangomva zoti iye ndi Baker ali pamodzi adzati Cream yauka. Koma sanathe kukana pamaso.

Ndipo zinaterodi. Mamanijala awiri, Robert Stigwood wa Clapton ndi Baker, ndi Chris Blackwell wa Winwood, atanunkhiza ndalama anayamba kukonza maulendo gululo lisanakhale ndi nyimbo zokwana ola limodzi. Pa 7 Juni 1969 anyamatawa anakaonekera koyamba ku Hyde Park, ulere, pamaso pa anthu pafupifupi 100,000. Taganizani, shoo yoyamba! Chimbale chinali chisanatuluke, ndiye khamu lonselo linkamvera nyimbo zimene silinazimvepo. Mwezi wotsatira, pa 12 Julayi, anayamba ulendo wa ku America pa Madison Square Garden mu New York. Popeza nyimbo zawo zinali zochepa, ankadzazira ndi za Cream ndi za Traffic, ndipo anthu ankakuwa kwambiri pa zakalezo. Chimene Clapton anathawa ndi chomwe anachipeza chikumudikira pa siteji. Anayamba kumacheza kwambiri ndi gulu lotsegulira mashoo awo, la Delaney & Bonnie, mpaka kumakwera nalo pa siteji. Shoo yomaliza inali ku Honolulu pa 24 Ogasiti, ndipo gulu linathera pomwepo, lisanakwanitse ndi chaka chomwe.

Chimbale chinatuluka mu Ogasiti momwemo ndipo chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku America komwe. Ndalama zinalowa, zimenezo palibe angatsutse. Dzina la gululo limanena za kukhulupirira chinthu usanachione, ndipo ogula anachitadi zomwezo: anagula mayina.

Tsopano tibwere pa chimbale chili m'manja mwanucho. Nyimbo zonse pamodzi ndi mphindi ngati 42, ndipo mwa izo mphindi 15 zadyedwa ndi nyimbo imodzi, Do What You Like, imene analemba Baker. Nyimbo imeneyo ili ndi mawu ochepa chabe, kwinako ndi mzere wa ma solo: ogani, gitala, besi, kenako ng'oma. Kunena mosapsatira, ndi nyimbo yodzazira mbali yachiwiri ya chimbale. Ina, Well All Right, ndi yobwereka kwa Buddy Holly. Zatsala zinayi, zitatu za Winwood ndi imodzi ya Clapton. Akatswiri anayi, miyezi ingapo mu situdiyo za Morgan ndi Olympic, ndi pulodyusa wodziwa ntchito Jimmy Miller, n'kutuluka ndi nyimbo zatsopano zenizeni zinayi. Mukati mwatsala ndi njala, mbale yake ndi imeneyo.

Koma musachibwezere m'katoni msanga. Zinayi zimenezo ndi zonona, bola muzimvere ndi khutu lina. Inu munakhala pansi kudikira Clapton wa Cream, wa gitala yobangula, ndipo pamenepo ndi pamene munasocherera. Chimbalechi mwini wake weniweni ndi Winwood. Ndiye amaimba nyimbo zonse, kuphatikizapo ya Clapton yomwe.

Ikani singano pa nyimbo yachiwiri, Can't Find My Way Home, muzimitse foni. Mumva magitala awiri opanda magetsi akulukana ngati nkhata, mawu a Winwood ali pamwamba, opyapyala, ngati munthu woimba yekha pakhonde usiku. Kenako tcherani khutu kwa Baker. Munthu amene ankadziwika ndi kuswa ng'oma, apa akungosisita, kenako n'kumenya mbale yachitsulo ya pa ng'oma kamodzi, "tsaa", pamalo pamene simumayembekezera, n'kubwereranso pansi. Mphindi zitatu zokha, koma ine ndikaphunzitsa woimba ng'oma za kudziletsa ndimayambira pamenepa. Presence of the Lord nayo imayamba ngati nyimbo ya m'tchalitchi, piyano ndi ogani pang'onopang'ono, gitala ya Clapton ikuzungulira ngati mphepo poti anaidutsitsa mu sipika yozungulira ya ogani. Pakati penipeni nyimbo imasintha liwiro mwadzidzidzi, iye n'kuponda wah-wah, kachipangizo kopondera kosintha kaliridwe ka gitala, kulankhula zonse zimene anali nazo kwa mphindi imodzi, n'kukhalanso chete. Inu monga woimba gitala, phunzirani solo imeneyo, makamaka kufupika kwake. Had to Cry Today ndi yotalika, pafupifupi mphindi 9, koma kumapeto kwake magitala awiri, ya Clapton ndi ya Winwood, amayankhana mokoma, ina khutu la kumanzere ina la kumanja. Pa Sea of Joy dikirani vayolini ya Grech.

Ngakhale yaitali ija ili ndi kanthu kake kwa munthu woimba. Imayenda mowerenga zisanu m'malo mwa zinayi zimene tinazolowera, ndiye yesani kuomba m'manja motsatira muone mmene muzipunthwira. Baker ankakonda kwambiri ng'oma za ku Africa, ndipo gululi litatha sanachedwe kupita ku Lagos, kumene anadzamanga situdiyo, ndipo mu 1971 anajambula chimbale ndi Fela Kuti, woimba wa ku Nigeria. Pambuyo pake anakhalaponso zaka zingapo ku Tulbagh ku South Africa. Koma kuti muziimvera tsiku ndi tsiku, ayi, ine sinditero.

Pang'ono za katoniyo. Chimbalechi chinatuluka ndi zikuto ziwiri. Cha ku Britain chinali ndi chithunzi cha mwana wamkazi chosayenera, chimene chinautsa mkwiyo nthawi yomweyo, ndipo kwa ine anthu akuluakulu amene anachivomereza analakwa basi. Ku America anatulutsanso china cha chithunzi cha oimba anayiwo, ndipo ngati mudzafune kugula china, funani chimenecho. Palinso mtundu wa ma CD awiri wa 2001 wokhala ndi zojambula zoonjezera, zambiri mwa izo ndi kuseweretsa zida kwa mphindi khumi ndi kuposa. Ngati njala yanu ndi ya nyimbo, sizikukhutitsani. Komanso fufuzani bwino m'katonimo. Anthu a msinkhu wa malume anu amene ankakonda Cream ndi Jimi Hendrix nthawi zambiri ankasunganso za ku Zambia za m'ma 1970, monga WITCH ndi Ngozi Family, anyamata amene anatenga phokoso lomwelo n'kulipatsa kakomedwe ka kwawo. Mukazipeza musagulitse motchipa kwa munthu wongodutsa, zimafunidwa kwambiri kunja.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Sindikuuzani kuti gulu la akatswiri silingatheke, chifukwa alipo amene zinawayendera. Chaka chomwecho cha 1969, mu Meyi, Crosby, Stills & Nash anatulutsa chimbale chawo choyamba, nyimbo 10, ndipo n'chokhutitsa kuyambira koyamba mpaka kotsiriza. Kusiyana kwake n'koti atatuwo anayamba ndi kumva mawu awo akugwirizana m'nyumba ya mnzawo, aliyense anabwera ndi nyimbo zake m'thumba, ndipo anakhala miyezi akuyeserera asanalowe mu situdiyo. Traveling Wilburys a 1988, omwe anali George Harrison, Bob Dylan, Roy Orbison, Tom Petty ndi Jeff Lynne, anajambula mbali yaikulu ya chimbale chawo m'masiku ngati khumi okha. Mungati nanga si liwiro lomwelo? Inde, koma asanuwo onse anali olemba nyimbo, panalibe ulendo wogulitsidwa kale wowathamangitsa, ndipo pachikuto anabisa mayina awo enieni n'kudzipatsa ongopeka. Ankagawana mavesi ngati anthu ogawana chimanga chootcha. Choncho liwiro palokha si mlandu. Mlandu ndi pamene tsiku lakhazikitsidwa ndi munthu wa ndalama nyimbo zisanabadwe.

Ndinazionapo ndi maso anga. Chaka china kunabwera anyamata asanu ochokera m'mabandi atatu, onse odziwika, ndi bwana wawo wowalipirira. Mapositala anali atamatidwa kale m'mitengo, tsiku lokhazikitsa chimbale lili pomwepo. Nditafunsa kuti nyimbo zilipo zingati, anayang'anana. Zinalipo zitatu ndi theka. Tsiku loyamba linathera pa kukangana za kiyi, poti oimba awiri aliyense ankafuna nyimbo ikhale pamene mawu ake amamveka bwino. Pa mikisi, aliyense ankalowa payekha n'kundinong'oneza kuti ndikweze chida chake pang'ono. Wa gitala akatuluka, wa kiyibodi walowa. Pofika madzulo mabatani onse anali kumwamba ndipo nyimbo inkamveka ngati msika wa Loweruka. Kunja mamanijala awiri anali atakhala m'galimoto zosiyana, osalankhulana. Chimbale chinatuluka pa tsiku lake, nyimbo ziwiri zodzazira zilimo, ndipo gululo silinaone Isitala.

Ndiye bwana wanuyo musamukane, komanso musamuvomere lero. Yambani mwadzifunsa anayinu kuti nyimbo zatsopano zomalizidwa, zoti mukhoza kuimba mawa popanda pepala, muli nazo zingati. Ngati sizikufika 8 kapena 10, chimbale cha Khirisimasi palibe. Chimene mungamuuze n'choti mutulutse nyimbo zinayi zokha, zabwino, anthu alawe, chimbale chidzabwere chaka chamawa. Masiku ano anthu amamvera nyimbo imodzi imodzi pa foni, palibe akukukakamizani kudzaza mbali ziwiri za chimbale ngati mu 1969. Blind Faith ikanakhala ndi mwayi umenewo, bwenzi lero tikukamba za nyimbo zinayi zopanda banga. Njira ina ndi yoti muyambe kuimba pa malo ang'onoang'ono ndi dzina losadziwika, osalengeza kuti akuluakulu aja aphatikizana. Anthu makumi atatu pa bala adzakuuzani zoona zimene khamu lokuwira mayina silingakuuzeni. Ndipo pa mashoo amenewo dziletseni kuimba nyimbo za m'mabandi anu akale, ingakhale imodzi yokha kumapeto. Mukangozolowetsa anthu zakalezo, zatsopano sadzazipatsa mpata.

Chinanso, gwirizanani msanga kuti mawu omaliza ndi a ndani. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo inu mukufuna kuikamo anayi. Sizitanthauza kuti mmodzi akhale bwana wa anzake pa zonse. Mukhoza kunena kuti mwini nyimbo ndiye amalamula pa nyimbo yake, kapena kupeza pulodyusa wa kunja kwa gulu amene nonse mumamuopa pang'ono. Audioslave, gulu la Chris Cornell wa Soundgarden ndi anyamata atatu a Rage Against the Machine, linali ndi pulodyusa Rick Rubin pa chimbale chawo choyamba cha 2002. Koma ngakhale iwo anatsala pang'ono kupasuka chimbale chisanatuluke, osati chifukwa cha nyimbo, koma chifukwa mbali iliyonse inabwera ndi mamanijala ake ndipo ankakokerana. Anachita kuwachotsa onse n'kupeza kampani imodzi yowayang'anira, ndipo pamenepo anakwanitsa zimbale zitatu. Ngati aliyense wa inu ali ndi womuyendetsera zinthu, nkhani imeneyi ikambidwe musanajambule ngakhale noti imodzi.

Apa ndi pamene uphungu wanga ukuthera ndipo mukufunika anthu ena. Ngati wina mwa inu anasainapo pepala lililonse ndi kampani, situdiyo kapena manijala, pepala limenelo lionedwe ndi loya musanalowe mu situdiyo. Mapangano ena amamanga munthu kuti chilichonse chimene ajambule m'zaka zakutizakuti ndi cha kampaniyo, ndipo mukhoza kumaliza chimbale n'kupeza kuti simungachitulutse. Crosby, Stills & Nash omwe aja anachita kuwomboledwa: Graham Nash anali womangika ku kampani ina, ndipo zinatengera manijala wawo David Geffen kukambirana kuti makampani asinthane oimba. Bwana wanuyonso alembe zimene akufuna. Kodi ndalamazo ndi mphatso, ngongole, kapena akugula zojambulazo? Akadzabweza ndalama zake, zotsalazo zidzagawidwa bwanji? Akakana kulemba, mwadziwiratu yankho. Pa nyimbo iliyonse lembani pepala la amene analemba mawu, amene anapeka nyimbo, ndi gawo la aliyense, nonse musaine tsiku lomwelo mukadali okondana, kenako mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Kumeneko angakufotokozereninso mmene lamulo la kukopera la 2016 limaonera nyimbo yolembedwa ndi anthu angapo. Dzina la gulu nalo mugwirizane kuti ndi la ndani wina akadzachoka, chifukwa adzachoka ndithu, magulu otere sakhalitsa. Ndipo mabandi anu akale muwauze nokha, asamvere pa Facebook. Mudzawafuna pobwerera, monga Winwood anabwerera ku Traffic mu 1970.

Pali thandizo lina limene oimba sitikonda kulikamba. Baker anavutika zaka zambiri ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chimenecho chinali chimodzi mwa zimene Clapton ankaopa pomulandira, ngakhale iye mwini anadzagweramo pambuyo pake. Grech anamwalira mu 1990 asanakwanitse zaka 45, mowa utamuwononga m'kati. Gulu la anthu otchuka kale limabwera ndi ndalama zamsanga ndi anthu ambiri ogulira mowa. Ngati mukudziwa kuti mmodzi mwa anayinu amabwera ku pulakatisi ataledzera, kapena sangakwere pa siteji asanalawe kanthu, musayembekeze kuti gulu latsopano limuchiritsa. Mukhale naye pansi, muuze abale ake, ndipo mumuperekeze ku chipatala kapena kwa alangizi a za maganizo. Chimbale chikhoza kudikira.

Clapton ndi Winwood anadzaimbanso limodzi pa Madison Square Garden pomwe paja mu Febuluwale 2008, patapita zaka pafupifupi 39, ndipo nyimbo za mbali yoyamba ya chimbale chanucho zinali pa mndandanda. Yaitali ija anaisiya kunyumba.

Sabata ino aitaneni anzanu atatuwo, mupukute chimbalecho ndi kansalu kofewa motsatira mizere, muonenso ngati singano siinathe, chifukwa singano yotha imadya mawu a pamwamba ndipo Winwood amakhala pamwambapo. Muwaikire nyimbo yachiwiri ija. Ikatha, mufunse wa ng'oma wanu ngati angalole kusisita chomwecho mphindi zitatu zathunthu pa chimbale chimene pali dzina lake, ndipo inunso muyankhe ngati mungalole kuti nyimbo yanu yabwino kwambiri aimbe mnzanu. Mukandilemberenso zimene ayankhe, ndi chiwerengero cha nyimbo zimene mwamaliza.